Bwana Akuti Ndipume

Lolemba, 9 Juni

Chikepe cha ku ofesi chafanso. Ndiye mesenjala ine, ndi imvi zangazi, ndakhalira kukwera masitepe tsiku lonse, mafayilo ali pachifuwa, mpaka nsanjika yapamwamba kumene kumakhala bwana. Ulendo womaliza ndinafika ndili wefuwefu ngati galu wopirikitsidwa. Bwana anandiyang'anira pamwamba pa magalasi nati, "Akulu, muyenera kupuma."

Ndinatuluka. Ine kupuma pantchito, chitsirizira changa chisanamalize sukulu? Ndili ndi mantha.

Lachiwiri, 10 Juni

Wayilesi, sekilitale wathu amene nkhani sizimugonera mkamwa, akuti anamva bwana akunena kuti "mdala uja azipumako, adzatigwera pano." Basi, zatsimikizika. Ndawauza mayi akunyumba. Iwo akuti, "Mukapuma ndiye muzidzangokhala pakhomo pano n'kumandivundukulira mapoto? Limbani, bambo."

Lachitatu, 11 Juni

Ndapeza nzeru. Bwana asandimvenso ndikupuma. Ndikafika pakhomo pawo ndimakoka mpweya, kutseka pakamwa, n'kulowa monyang'wa ngati mnyamata. Fayilo patebulo, kugwedeza mutu, kutuluka, kukaphulikira kuseri kwa chitseko. Zikuyenda, kungoti mtima ukugundira m'makutu.

Lachinayi, 12 Juni

Zandivuta. Ndinalowa nditabanika mwa dzulo muja, bwana n'kuti ndidikire asayine. Cholembera chinakana kulemba. Anayamba kufunafuna china m'madirowa, mosafulumira n'komwe. Ndinaona nyenyezi masanasana.

Ndinatsitsimukira kuchipatala, nsapato imodzi palibe. Nditamufotokozera namwino nzeru yanga ija, anagwira pakamwa.

"Bambo, makala amayaka popanda mphepo? Chakudya chimene mumadya ndiye makala anu. Mapapo amakoka mpweya, magazi n'kuunyamula, mtima n'kupopa magaziwo mpaka m'miyendo. Kumeneko ndiye chakudya chija chimapsa n'kukupatsani mphamvu. Pamasitepe miyendo imafuna mpweya wambiri, n'chifukwa chake mumachita wefuwefu. Ngakhale ine ndimatero. Inu ndiye munatseka khomo moto uli mkati moyaka."

Kani magazi ndi mesenjala mnzanga! Amazungulira nsanjika zonse za thupi, ine n'kumamutuma chimanjamanja.

Lachisanu, 13 Juni

Ndaswera pabedi. Mayi akangondiyang'ana akuseka mpaka misozi. Ine manyazi okhaokha, ndipo mantha achita kuwonjezeka. Munthu wakomoka pakapeti ya bwana, angamusungenso ndani? Wayilesi anaimba foni kundizonda, ine kupusa n'kumuuza zonse.

Lolemba, 16 Juni

Chikepe chikadali chakufa. Ndinati kaya andichotsa, andichotse ndikupuma. Ndinakwera pang'onopang'ono, pakamwa pali yasa, mpweya ukulira ngati pampu ya njinga.

Nditatsala pang'ono kufika, ndinapeza munthu atakhala pasitepe, tayi atamasula, thukuta kamukamu. Bwana! Pambali pawo pali nsapato yanga ija mupepala.

"Akulu," anatero mawu akudukaduka, "sekilitale wandiuza. Ine ndimanena... kupuma kwa mphuno. Mukachoka... mafayilo azindikwezera ndani?"

Ndinatula mafayilo n'kukhala nawo pomwepo, tonse tili wefuwefu. Chimwemwe chinandigwira, komanso anandimvetsa chisoni.

"Musalankhule, bwana," ndinatero. "Muyenera kupuma."

Anandiyang'ana maso ali tong'o. "Kupuma kwake kuti?"