Mawu Anga Awachotsa M'dandaulo

Lachinayi, Ogasiti. Kwachita mphepo ndi fumbi tsiku lonse, mtima wanga ndi wolemera.

Aloya aja abweranso kutchalitchi kudzatiwerengera dandaulo la ife azimayi a ku Kasanda, lisanapite ku bungwe loona za ufulu wa anthu mu Africa. Ndi la mtovu, poizoni wochokera kumgodi, umene uli m'magazi a ana athu.

Atafika pa mawu anga anaima. Tsiku limene ankalemba mawu athu ndinanena kuti akuluakulu a boma alibe manyazi, atisiya pa dothi la mgodi ngati agalu. Aloya akuti bungwelo sililandira dandaulo lokhala ndi mawu onyoza, ndipo mawu angawo okha akhoza kubwezetsa dandaulo la tonse.

Amake Mwai anaseka. “Iwe amake Dalitso, zaka zonsezi uli duu, tsiku lotsegula pakamwa ufuna kutigwetsera mlandu?” Enanso anaseka. Ine ndinayang'ana pansi.

Ndinafunsa chapansipansi ngati ndinanama. Aloya anati, “Simunaname, amayi, koma kumeneko amayamba aona kalembedwe, za ana zimabwera pambuyo.” Ndavomera kuti achotse, sindingaphe dandaulo la anzanga. Pangotsala zoti Dalitso amadwala m'mimba ndipo amaiwala za kusukulu.

Zimenezo n'zoona. Koma atawerenganso, zinamveka ngati za mwana wa munthu wina, amene mayi wake sanakwiye n'komwe. Anthu akutaliwo sanamuonepo mwana wanga atagwira mutu akulira. Akadzawerenga mawu ofatsawa mwina adzati za ku Kasanda zingathe kudikira, ndiye Dalitso...