Dzina Lanu pa Satifiketi Yanga

Area 25,
Lilongwe.
9 Okutobala 2024.

Okondedwa achemwali a Lines,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Kodi msana uja unasiya kupweteka, kapena mukungopirira nawo dengu la tiyi? Nanga amayi, miyendo ili bwanji? Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima suli m'malo. Ndalemba kalata chifukwa pafoni ndikanangolira mpaka mayunitsi kutha ndisananene kanthu. Ndapatsira a Stella a ku Chonde amene akubwera kumaliro kumeneko. Muwerenge nokha pang'onopang'ono, musapatse mwana wanu Takondwa kuti akuwerengereni.

Kuno kwatentha, fumbi lokhalokha, ndipo madzi pampopi amabwera tsiku limene afuna. Ndikadali pantchito ya m'nyumba kwa mayi aja a ku banki. Chaka chachisanu tsopano ndikuchapa mayunifolomu a ana a eni, madzulo n'kumawathandiza masamu kwaulere.

Mwezi watha ndinakuimbirani kuti dzina latuluka pamndandanda wa osankhidwa kupita ku koleji ya aphunzitsi, nditayesa katatu. Ndinamva amayi akululutira kumbuyoko. Chimene sindinakuuzeni ndi chomwe chinachitika nditapita kukalembetsa.

Mukukumbukira chaka chimene ndinakhoza Sitandade 8 koma osasankhidwa kupita ku sekondale. Malemu a Muhiwa, ahedi athu aja, anauza amayi kuti obwereza sasankhidwa wamba, ndiye ndilembenso mayeso ndi dzina lina ngati mwana watsopano. Sikuti tinali oyamba. Theka la kalasi lathu linabatizidwanso chaka chimenecho popanda m'busa. Inu n'kuti mutasiyira sukulu mu Sitandade 5 bambo atamwalira, mukuthyola tiyi kuti pakhomo pasagone njala, ndipo dzina lanu linangokhala m'kaundula. Amayi anati dzina la mchemwali si lakuba, lili ngati chitenje, pachibale amabwerekana. Ndinalowa m'chipinda cha mayeso ndili Malita, ndinatuluka ndili Lines Namakhwa, ndipo ndinasankhidwa. Masatifiketi anga onse ali m'dzina limenelo.

Tinalakwitsa m'chaka cholembetsa ziphaso za unzika. Ndinali pa holide, tinakaima pamzere tonse atatu. Wolemba atafunsa dzina langa, amayi anayankha ine ndisanatsegule pakamwa kuti uyu ndi Malita, wachiwiri wawo. Ine ndinangoseka. Ku Limbuli ndani akananditcha Lines inu mutaima pomwepo? Za mayeso palibe anaziganiza, ngakhale ine wophunzirane.

Ndiye ku koleji mayi wolembetsa anaika satifiketi apa, chiphaso apa, n'kundifunsa kuti mwa anthu awiriwa wabwera ndi uti. Nditafotokoza, anamvetsera kalankhulidwe kanga n'kufunsa ngati ndine wa konkuno kapena wa kutsidya kwa Muloza. Zinandipweteka, achemwali. Agogo athu anawoloka mtsinje umenewo amayi asanabadwe, manda athu atatu ali ku Limbuli, koma Mlomwe akangolakwitsa pang'ono amam'loza malire. Anandipatsa mpaka kutha kwa mwezi uno kuti mayina agwirizane. Zikalephereka, malo anga apatsa wina.

Ku ofesi ya ziphaso ndapitako kanayi. Ndinapempha kuti asinthe chiphaso changa chikhale cha Lines. Atalemba dzinalo, kompyuta inatulutsa nkhope yanu, mutamanga duku lanu lobiriwira lija. Dzina lomwelo, mudzi womwewo, mayi yemweyo. Bambo wa pamenepo anati mayi mmodzi sangabereke a Lines awiri, ndipo ndithokoze kuti sakundiitanira apolisi pa mlandu woyenda ndi satifiketi ya mwini. Ndinangotuluka. Amene akanandichitira umboni ndi a Muhiwa, koma ali kumanda. Ndinaimbira mphunzitsi wina wa pasukulu paja, iye anati kaundula wa zaka zimenezo anapita ndi madzi a namondwe wa chaka chatha. Paja amati nsalu yobwereka sithetsa usiwa, ndaziona ndi maso.

Ulendo wachinayi mayi wina wachikulire wa mu ofesimo anandimvera chisoni, n'kunditengera pambali. Anati njira imene akuiona ndi imodzi, ngakhale naye sangalonjeze kuti itheka. Tipite tonse atatu ku boma ku Mulanje, amayi akalumbire pamaso pa woweruza kuti Lines ndine, kuti kunachitika chisokonezo polemba, ndipo inu mutenge dzina lina, kaya la Malita kaya lomwe mungasankhe.

Pempho langa ndi limenelo. Ndikudziwa chimene ndikupempha. Dzina limenelo ndi lomwe lili m'mabuku a ku esiteti zaka khumi ndi zinayi, ndipo sindikudziwa ngati akapitawo sadzati ndinu watsopano, zaka zonsezo n'kufufutika. Ndi lomwe lili pa kadi lanu la ubatizo, pamndandanda wa feteleza, ndi m'mabuku a ana a ku sikelo. Anakupatsani ndi bambo, ndipo palibe china chimene anakusiyirani. Komanso ndikupempha kuti amayi, amene sanajombepo ku Mvano, akagwire Baibulo n'kunena bodza pa ukalamba wawo.

Masiku ena ndimakwiya, osadziwa wokwiyira. Amayi ankakonda kunena kuti ife tinabadwira kuthyola tiyi wa eni, koma m'banja muno mmodzi yekha atuluke m'mizere imeneyo, enawo adzatsatira. Munasiya sukulu kuti mmodziyo akhale ine. Munkandigulira sopo ndi makope inu mukuyenda wopanda nsapato pamame. Ndinkafuna ndikamaliza ndidzapemphe kuphunzitsa kwathu komweko, kumene mphunzitsi mmodzi amakuwa yekha pa ana oposa zana, ndipo mwana akayankha m'Chilomwe anzake amamuseka. Lero ndikuona ngati thukuta lanu lonselo linangothera pansi.

Kunena zoona, chiyembekezo ndilibe. Masabata atatu ndi ochepa, ku boma zinthu siziyenda msanga, ndipo mwina tidzakusandutsani munthu wina pachabe, malo atapita kale. Zimenezi ndanena kuti musadzati ndinakubisirani. Muyambe mwaganiza panokha musanauze amayi kapena alamu. Mukavomera, mundiflashe Lamlungu mukatuluka m'tchalitchi, ndidzakwera basi Lolemba. Mukakana, musavutike kufotokoza. Sindidzakudani, chifukwa munandibwereka kale kamodzi ndipo simunanditonzepo.

Foni ikapanda kulira, satifiketiyo ndidzapatsira a Stella ulendo wina kuti muzisunga inuyo. Kwa ine ilibenso ntchito. M'maso mwa boma amene anakhoza Fomu 4 ndinu, achemwali. Ine Malita ndinalekera Sitandade 8.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mafuta opaka miyendo ali m'kajumbo kamene kabwera ndi kalatayi. Moni kwa alamu a Bryson, kwa amalume ndi azakhali ku Nkando, ndi kwa ana anga Takondwa ndi Ishmael. Takondwa alimbikire sukulu, ndipo zivute zitani adzalembe mayeso ndi dzina lake.

Tsalani bwino, Mulungu akusungeni.

Ine mng'ono wanu,
Malita, kufikira mutayankha.