Kavavu ka Pansi pa Injini

Chamama, Kasungu

Okondedwa achemwali a Fainala,

"Kafukufuku wapeza kuti mlonda Frazer Alick ndiye anatsegula vavu ya ndege ndi kuba oyilo. Palibe wantchito wina amene akukhudzidwa. Oyiloyo anagulitsidwa ndipo sanapezeke." Mawu amenewa ali pabolodi la ku ofesi ya esiteti, ndi chidindo pansi pake. Ndimawawerenga m'mawa uliwonse polowa ntchito.

Pepani, ndayamba ndi za pabolodi ndisanafunse za moyo. Muli bwanji ku Phalombeko? Mwendo wa mayi ukutupabe? Shalom anapeza malo kusukulu? Ife kuno tilipo, mvula ikugwa bwino, ndipo anthu ayamba kuthyola fodya.

Za alamu a Frazer sindifunsa, chifukwa ndamva kale. Akuti chichotsedwere ntchito simukuwalankhula, ndipo munawauza pamaso pa ana kuti munakwatiwa ndi mbala. Akutinso kumpingo awaimitsa mgonero. Ndiye khalani pansi, muwerenge mpaka kumapeto.

Mukudziwa kuti ndimagwira pa kandege kopopera mankhwala m'minda ya esiteti. Kuno kwa apongozi amanditcha injiniya, ndipo sindinawakonzepo. Zoona zake n'zakuti ndimatsuka ndege ndi kugwirira ndowa. Injiniya weniweni amachokera ku Lilongwe ndege ikauluka maola makumi asanu.

Pansi pa injini pali kavavu kotulutsira oyilo, kotalika ngati chala chachikulu. Ukakakankha n'kukapotoza, oyilo amatuluka. Ukakabweza, kamatseka kokha. M'kati mwake muli kamphira kozungulira ngati mphete, ndipo moyo wa woyendetsa ndege uli pa kamphira kameneko. Injiniya amakapukuta ngati diso la khanda. Anandiuza kangapo kuti kavavuka sikafuna mchenga, sikafuna waya, ndiponso sikafuna munthu wofulumira. Oyilo wakale amamutsekera m'diramu n'kupita naye.

Tsono mwezi wa Januwale chiswe chinalowa m'chigafa cha apongozi, fodya atatsala pang'ono kupachikidwa. Tsiku lina tili pakhonde anayamba kuyamikira mkamwini wa a Jeremiya, woyendetsa thirakitala, amene anabweretsa oyilo wakuda chigubu chodzaza n'kupaka mizati yonse. Anati kwawoko chiswe chinasamuka. Anati ena ali ndi akamwini a thirakitala, iwo ali ndi wa ndege, koma chigafa chawo ndiye chikugwa. Zonsezi amanena akuyang'ana nkhuku, osati ine. Mkazi wanga Feliya anangolowa m'nyumba.

Achemwali, mukudziwa mmene mawu a apongozi amalemerera kwa munthu wokhala pamudzi wa eni.

Lamlungu lotsatira ndinapita kubwalo la ndege masana. Ndinauza alamu kuti apite kutchalitchi akayimbe kwaya, ine ndiwakhalira. Anandithokoza kawiri, nandisiyira mpando wawo ndi chimanga chootcha.

Ndinatsegula kavavu kaja. Oyilo wozizira amatuluka pang'onopang'ono ngati uchi, ndipo mtima wanga unali pamsewu. Ndinatenga sipoko ya njinga n'kutokosa m'kati kuti afulumire. Anafulumiradi. Nditadzaza kachigubu ndinatseka, koma kavavu kanayamba kudontha. Ndinachita zomwe tonse timachita ndowa ikadontha kapena khasu likaguluka: ndinadula mphira ya chubu n'kumanga zolimba. Kudontha kunasiya. Ndinadziuza kuti Fomu Folo yagwira ntchito.

Lolemba woyendetsa ndege anayeza oyilo, anang'ung'udza, nawonjezera wina. Pansi sanasuzumire. Ine ndinali pomwepo, nsanza ili m'manja. Injini itatentha m'mwamba, mphira yanga inasungunuka, oyilo yense n'kuthera m'mlengalenga. Ndege inatera m'munda wa matenanti, mphuno pansi. Mulungu ndi wachifundo, munthuyo anangothyoka mkono.

Injiniya atapeza zotsala za mphira, manijala anatiitana tonse n'kufunsa amene anali pa ulonda Lamlungu. Buku linati Frazer. Alamu anandiyang'ana kamodzi kokha, kenaka anati alibe mawu. Ine ndinayang'ana nsapato zanga. Tsiku limenelo ndinazidziwa bwino nsapato zanga.

Tsiku lomwe munkanyamuka kubwerera ku Phalombe ndinakunyamulirani katundu mpaka pabasi, ndipo munanditamanda kuti ndine mlongo wosataya abale pamavuto. Inu mutakwera, alamu anandikokera kuseri kwa golosale. Anati Feliya ndi woyembekezera, ndipo nyumba imodzi ikagwa yakwana, palibe chifukwa chogwetsera ziwiri. Anatinso ndisakuuzeni, chifukwa munandilera ndinu ndipo mumandinyadira. Pomaliza anandifunsa ngati chiswe chinathawa. Sindikudziwa ngati ankandiseka.

Ndinamvera msanga. Kukhala chete kunandikomera, ndipo ndinakutcha ulemu kwa alamu.

Pempho langa ndi ili. Amuna anu si mbala. Anachoka pantchito maola atatu kukayimbira Mulungu chifukwa mlamu wawo anawanamiza. Kalatayi muwawerengere ana, makamaka Chiyamiko amene wakula ndipo akumva zonse. Kenaka muipereke kwa akulu ampingo, aiwerenge mmene ilili, ndi dzina langa lomwe. Ukali umene mwakhala mukuwapatsa alamu ndi wanga, musungireni mwini wake.

Lolemba ndikukaonana ndi manijala. Ndanenapo kale Lolemba katatu, ndipo katatu konse ndinakathera kotsuka mapiko. N'chifukwa chake ndatumiza kalatayi kaye, kuti njira yobwerera itsekeke. Sindikudziwa ngati alamu adzawabwezera ntchito. Yanga ndikudziwa. Feliya ndinamuuza dzulo, ndipo anangopita kukatunga madzi mitsuko ili yodzaza.

Mundiperekere moni kwa mayi, koma nkhaniyi muwauze pang'onopang'ono. Moni kwa Shalom ndi Chiyamiko. Kwa alamu sindikudziwa kuti moni wanga ungalowe ndi khomo liti, komabe muwapatse. Ambuye akusungeni nonse, ndipo abwezeretse mtendere m'nyumba imene ndinaisokoneza.

Ndine mlongo wanu,
Vincent

Ndinaiwala chimodzi. Oyilo uja sanagulitsidwe. Ali pa mizati khumi ndi inayi ya chigafa cha apongozi, m'mphepete mwa msewu umene manijala amadutsa tsiku lililonse.