Tandilandireni Mwanayu

Likhubula,
Kunsi kwa Phiri la Mulanje,
17 Meyi, 1936.

Okondedwa achemwali a Tabita,

Ndafika. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa ndimakudziwani, simungapirire kuti ndimalize kaye malonje. Ndili moyo, ndikudya, ndipo lole sinanditaye m'njira monga munkandiopsezera. Kaya inu kumeneko kumudzi wathu wa odwala khate, bala la kuphazi lija layamba kuuma? Musamapite kudimba osamanga nsalu, ndikudziwa kuti poti ine wokulondani ndachoka mwayambiranso mwano.

Munandilumbiritsa kuti ndidzakuuzeni zonse za m'njira, poti zaka zonsezi dziko lanu lakhala loyambira pa nyumba ya jakisoni kulekezera pa tchalitchi. Ndiye khalani pansi. Zolemba zanga mukuzidziwa kale, zija munkati zili ngati nkhuku yapalasa pa mchenga chifukwa cha zala zanga zopindikazi.

Mukudziwanso chimene chinkandisowetsa mtendere. Adokotala a pamishoni anati ndachira ndipo sindingapatsirenso munthu matendawa, koma adokotala si amayi anga, komanso si amalume anga a Zakeyu. Mwana wanga Lestina ndinamusiya akuyamwa, tsiku limene anandichotsa pamudzi. Funso langa linali limodzi: kodi adzandilola kumukhudza?

Tinanyamuka Lachitatu m'mawa nkhungu isanachoke. Adona a pamishoni aja anandipemphera malo pa lole ya esiteti ina, yopita ku Mulanje kukatenga matabwa a mkungudza. Woyendetsa ndi a Blackson, bambo wachipewa chachikulu amene amayankhula ndi lole yake ngati ng'ombe. Kumbuyo kunali amuna ocheka matabwa atakhalira masowo awo aatali. Nditakwera anandiyankha moni bwinobwino, kenaka anaona manja anga. Mmodzimmodzi anasendera kutsogolo mpaka anapanikizana ngati nthochi pa mkoko, ine n'kutsala ndi malo onse akumbuyo ngati mkazi wa bwana. Ndinaseka chamumtima, koma kunena zoona zinandiwawa.

Achemwali, tiyi uja timangomuonera patali ndi wambiri zedi. Dzuwa litayamba kuthamangitsa nkhungu, zitunda zonse za Thyolo zinaoneka zitafunda tiyi, wobiriwira, wometedwa mofanana pamwamba, kukwera ndi kutsika mpaka kumene maso alekezera. Msewu wofiira ukudutsa pakati, mibawa ndi mabulugamu m'mbali. Amayi othyola anali atamira m'mizere mpaka m'chiuno, madengu kumsana, akuimba nyimbo za Chilomwe zimene agogo anga ankaimba potibula, kapitawo ataima pa chulu ndi jasi la msilikali. Pafupi ndi fakitale panali fungo la masamba owauka. Ife a Sabata tiyi sitimwa, koma ndikhulupirira kuti kuyang'ana si tchimo, chifukwa ndinayang'ana mpaka khosi kuuma.

Kumene tiyi wathera, m'midzi ndi masika enieni. Chimanga chauma, nkhokwe zatsopano zaima, nandolo wachita maluwa achikasu, ndipo udzu wa m'mapiri wayamba kufiira. Mitengo ina ikutaya masamba, mphepo ya lole inkawaulutsa n'kumatigwetsera pamiyendo. Ndinatola limodzi kuti ndikutumizireni koma laphwanyika m'thumba.

Titangopitirira pa boma la Thyolo, mayi wina anatiimitsa. Anali ndi mwana kumbuyo, phukusi pamutu ndi nkhuku m'khwapa. Dzina lake ndi Salome, amathyola tiyi, ndipo amapita kwa mwamuna wake amene ndi mlonda wa nkhalango ya boma ku phiri. Lole ija ndi yaitali. Anaponya phukusi, anaponya nkhuku, kenaka anamasula mwana n'kumukweza m'mwamba molunjika ine, poti ndine ndinali kumbuyo.

“Tandilandireni mwanayu, mayi.”

Ndinatulutsa manja m'nsalu momwe ndinawabisa. “Taonani kaye manja angawa,” ndinatero.

Anawayang'ana ndithu, osathamanga. “Ndawaona, alipo awiri. Landirani, mikono yandilema.”

Ndinalandira. Kamnyamata konenepa, kofunda, konunkhira mkaka ndi utsi. Zala zanga sizimva bwino, inu mukudziwa, koma mikono inamva, chifuwa chinamva. Chichokereni kwathu ndinali ndisananyamulepo mwana. Ndinalira, achemwali, misozi yeniyeni, ndipo fumbi la msewu linandithandiza kunamizira. Mmodzi wa ocheka matabwa anang'ung'udza kuti mayiyo akuseweretsa mwana. Salome anamuyankha kuti tsiku limene adzabereke wake adzasankhe yekha womunyamula. Anzake anamuseka mpaka anakhala chete.

Salome sanamutenge mwanayo msanga. Anakhala pafupi nane, nathyola nzimbe, theka n'kundipatsa. Tili m'njira anandiuza kuti amayi ake anamwalira ndi matenda omwewa iye ali mtsikana. Anthu a pamudzi anawamangira kanyumba kuthengo, ndipo chakudya ankawakankhira ndi mtengo wautali. Iye ankaima patali n'kumawayang'ana, mpaka tsiku lina mbale inabwerera osakhudzidwa. Atamaliza, inenso ndinamuuza za Lestina ndi mantha anga onse. Sanandilonjeze kanthu, anangoti tikaone.

Pa Luchenza tinadikira sitima kuti idutse, nkhuku ya Salome inatsala pang'ono kutithawa ndi mantha. Pa mtsinje wa Thuchila a Blackson anaima kuti lole imwe madzi, akuti inali ndi ludzu kuposa ife. Kuchokera pamenepo phiri linayamba kukula. Mmene mvula yathera kumene, mpweya ndi woyera, ndipo mwala uliwonse umaoneka. Mathithi akutsika m'mbali mwake ngati nsalu zoyanika, pamwamba pa Sapitwa pokha ndi pamene panakhala mtambo. Ndinakumbuka amayi akusimba mmene anazungulirira phiri limeneli pothawa kwa Apwitikizi, ine ndili kumsana. Tsopano boma linaika malire kuzungulira nkhalango, saloleza kudula mtengo kapena kutchera msampha popanda chilolezo. Anyani akuzidziwa zimenezi. Amakhala pakati pa msewu n'kumakanda m'mimba, ndipo a Blackson anachita kuwapempha njira.

Koma phiri likamakula, mtima wanga unkachepa. Ndinalakalaka lole itafa kuti ulendo usathe.

Tinafika dzuwa litapendeka. Mudzi wathu uli m'mphepete mwa msewu, ndipo uthenga unali utafika kale, choncho anali akudikira: amayi, amalume a Zakeyu, ndi anthu ena a pamudzi. Nditatsika palibe anasuntha. Anandilonjera bwino, kuomba m'manja ndi kugwada komwe, koma ataima kutali ngati pakati pathu pali mtsinje. Abambo ake a Lestina panalibe. Akuti anakakwatira ku Phalombe kalekale. Izo tizisiye.

Amalume analoza kuseri kwa nthochi, kumapeto kwa mudzi. Kunali kanyumba katsopano, pakhomo pali mphika, mbale ndi chikho, zonse zatsopano. Sindinganame, anamanga bwino, denga lake silingadonthe. Koma ndinadziwa tanthauzo lake. Ndipo kumbuyo kwa amayi kunali kamtsikana kotalika miyendo, kogweluka mano akutsogolo. Ndinakadziwira pa chipumi, ndi changa chenicheni. Amayi anali atakagwira pa mkono mwamphamvu.

Ndinatola phukusi langa kuti ndizipita ku kanyumbako. Lole inali itayamba kale kusuntha, pamene ndinamva kumenya pa denga lake.

“A Blackson, taimani. Ndikufuna kuthengo.”

Anali Salome. Anatsika ndi mwana wake, ngakhale kwawo kunali kusanafike. Amayi anga, monga achitira mayi aliyense wamkulu, anatambasula mkono umodzi kuti amulandirire mwanayo. Salome anawagwadira mwaulemu, n'kuwapitirira, n'kubwera kwa ine.

“Tandigwirireninso mwana wanu uja,” anatero mokweza kuti onse amve.

Ndiye anapita kuseri kwa nthochi. Achemwali, kuthengo kwake sikunathe msanga. A Blackson analiza hutala, analizanso, mpaka anazimitsa lole n'kutsika kukasuta fodya. Ine ndinangoima pakati pa bwalo ndi mwana wa mlendo, mudzi wonse ukundiyang'ana. Kamwanako sikanadziwe kuti pali mlandu. Kanagwira chala changa chopindika n'kumachikoka, kakuseka. Nditaponya maso ku nthochi kuja ndinaona mapazi a Salome ataima chilili, akuloza kuno. Analibe chochita kumeneko, ankangotisuzumira.

Sindinaone mmene Lestina anapulumukira m'dzanja la agogo ake. Mwina anapulumuka, mwina anamumasula, sindinafunse. Ndinangoona waima patsogolo panga akusuzumira mwanayo, monga achitira atsikana onse akaona khanda.

“Ndi mwana wanu?” anandifunsa.

“Ayi, uyu ngwa mnzanga. Mwana wanga ndiwe.”

Anayang'ana manja anga nthawi yaitali, kenaka anafunsa ngati amapweteka. Ndinati anapola. Anatambasula kachala kake n'kusisita pa chipsera cha dzanja langa lamanja, pang'onopang'ono, ngati akuyesa madzi a pamoto. Amalume anatsokomola. Amayi anatsegula pakamwa. Ndinadikira kuti wina amuitane, koma palibe anamuitana.

Salome anatulukira akukonza nsalu yake ngati munthu amene wachokeradi kutali. Anatenga mwana wake, anauza amayi kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, n'kukwera lole. Sindinathe ngakhale kumuthokoza bwino, lole inali itanyamuka kale.

Tsono ndisakunamizeni kuti zonse zatha. Ndikugonabe m'kanyumba kaja ndekha, mbale yanga ikadali yangayanga, ndipo amalume amandiyankhula ataima pa nthochi. Lestina amati “amayi” kwa agogo ake, ine amanditchula kuti a Teleza. Zimandibaya, koma ndimayankha. Dzulo pa Sabata ndinakhala pakhonde n'kumaimba nyimbo zathu zija, ndipo amayi anabwera ndi mbale ya nyemba za kalongonda. Sanasiye pakhomo n'kubwerera monga masiku oyamba. Anakhala pansi pakhonde pomwepo, n'kuyamba kundiuza amene anamwalira ndi amene anabadwa ine kulibe. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha ife tinakuphunzira bwino pa mzere wa jakisoni.

Kalatayi ibwera ndi a Blackson pobwerera ndi matabwa, alonjeza kukaisiya pa chipata cha mishoni. Mundiperekere moni kwa adona ndi kwa adokotala. Moni kwa a Sitefano, odwala anzathu aja, muwauze kuti phiri limene amalilota lija likadalipo, silinasunthe, likuwadikira. Moni kwa onse a m'nyumba yathu, ndipo mphasa yanga mupatse amene wabwera kumene. Inu achemwali, musathawe jakisoni ngakhale amawotcha. Tsiku lanu lokwera lole lidzafika, ndipo munthu akadzakupatsirani mwana, musadzabise manja monga ndinachitira ine.

Mukhululuke kuti mizere yomalizayi yakhota kuposa masiku onse. Ulendo uno si zala zanga. Lestina anabwera kudzaonerera mmene ndimalembera, ndiye watsamira pa mkono wanga wamanja ndipo tulo tamugwira pomwepo. Mkono wachita dzanzi, koma sindimudzutsa.

Ndine mng'ono wanu wokukumbukani m'mapemphero,

Teleza