Tsiku Limene Ndinakuwa Kuti Wakuba

Amayi, kumeneko mukukhala bwanji? Ife kuno ku Ndirande tilipo. Mkazi wa achimwene a Fanuel wabereka mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Kamunda kathu ka ku Machinjiri sikanachite bwino chaka chino, mvula inadula msanga.

Achimwenewo pochokera ku Joni ananditengera makina olukira opukusa ndi dzanja. Ndi ozungulira ngati mphika wobowoka pansi, m'mphepete monse muli tisingano tokhota kumutu. Umawamangirira patebulo, kukoleka ulusi, n'kumapukusa. Tisinganoto timadumphadumpha, chipewa n'kumatsikira kunsi ngati thumba. Poyamba ulusi unkangophonyoka, ndinkaluka n'kumasula, ndikukumbukira mawu anu aja akuti dzanja laphuma limasoka kawiri. Chiperoni chitafika, tizipewa ta ana tinayamba kuyenda malonda pamsika.

Koma zimene ndakulemberani si zimenezi.

Loweruka lina masana ndinkaluka pakhonde. Ndinalowa m'nyumba kukatenga ulusi wina, potuluka ndinaona munthu akuthawa atakumbatira makina anga, ulusi wofiira ukukwekwereka m'mbuyo mwake. Ndinakuwa kuti wakuba. Kamodzi kokha, amayi.

Inu simunaione Ndirande ya masiku ano. Chibwerere matipate, anthu amati wakuba ukapita naye kupolisi mawa umakumana naye pamsika, choncho mlandu amaweruza okha. Anatuluka paliponse: ogulitsa makala, oitanira maminibasi, amayi ana ali kumsana. Anamugwira pafupi ndi mlatho wa Nasolo. Pamene ndinkafika anali atagwa kale, akumuponda. Wina anamuphwanya bondo ndi chitsulo cha matayala, ndinamva fupa likuthyoka. Wina anamugwetsera njerwa pamutu. Mayi wina amene ndimagulako tomato ankamutema ndi mwala kumaso, akutukwana za wailesi yake imene inabedwa kalekale.

Wakubayo atatembenuza nkhope ndinamuzindikira. Anali Lameki, mwana wa mayi Namasani, mnzanu uja munkaimba naye kwaya. Chitsekereni fakitale imene ankagwirako ntchito, ankangoyendayenda.

Anali atamuveka kale tayala m'khosi, munthu wina akubwera ndi botolo la palafini. Sindikudziwa mphamvu ndinazitenga kuti. Ndinadzikankha pakati pawo n'kumugwera pamwamba, ndikufuula kuti makinawo ndi anga, ndamukhululukira, amene akufuna kumuwotcha ayambe ndi ine. Anandikoka tsitsi, anandimenya mateche m'nthiti, mwala unanditema pamphumi. Ena ankati ndine mnzake wa mbavayo. Palafini anatithira tonse awiri, anandilowa m'maso ndi m'kamwa. Ndinamva kabokosi ka machesi kakusekesa. Kenaka bambo wina wachikulire wogulitsa nyama anamugwira dzanja wa machesiyo, nati mkaziyu alibe mlandu, mukamuwotcha mudzayankha nokha. Anthu anayamba kubwerera m'mbuyo mmodzimmodzi, ngati akudzuka kutulo.

Lameki sanapse, koma sanafikenso kuchipatala. Anamwalira mutu uli pamiyendo panga, kumbuyo kwa galimoto la makala. Makina anandibwezera madzulo ake, chopukusira chitapindika, magazi atauma pakati pa tisingano. Ndawakankhira kunsi kwa bedi.

Kumaliro achimwene anandiletsa kupita, amati abale a Lameki akandipha. Ndinapitabe, bandeji ili kumutu, poti munkatiuza kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Nditalowa m'nyumba ya siwa nyimbo inadukiza. Mayi Namasani atandiona anasendera n'kundisiyira malo pamphasa. Sanandifunse za makina kapena za kukuwa kwanga. Anangofunsa ngati mwana wawo ananenapo kanthu. Ndinawauza zoona, kuti anapempha madzi, ndipo m'galimotomo munalibe madzi. Anadzuka, anatunga madzi m'ndowa, nandipatsa kuti ndimwe. Ndinamwa ndikulira.

Atsala okha tsopano, maso akuchita khungu. Mmawa uliwonse ndimawatungira madzi ndi kuwasesera pabwalo, sitilankhulana zambiri. Dzulo ndi pamene anandiuza kuti tsiku la maliro anu, amene anasambitsa thupi lanu ndi iwowo.

Ndimakukondani, amayi. Mukamuona Lameki kumeneko, mumuuze kuti mayi ake sagona ndi njala ine ndili moyo, ndipo tsiku lawo likadzakwana, wodzawasambitsa ndine.

Ndine mwana wanu,
Esinati