Moto wa a Gadi

Rutendo, Redcliff
19 Ogasiti 2008

Okondedwa achimwene Yoswa,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tikupuma ndithu, magetsi okha ndiwo asanduka mlendo wodutsa. Khalani pansi, chifukwa ukwati wa mng'ono wathu Malita udatsala pang'ono kufera ku Mozambiki.

Mukuidziwa nkhondo ya bambo, ya nthawi ija ali msilikali wolondera njanji ya ku Beira. Inu mukuchoka kuno, adani a paphiri paja anali mazana anayi. Chaka chino afika zikwi ziwiri, akukwera limodzi ndi mtengo wa buledi.

Loweruka kudabwera ankhoswe a Humble, mnyamata wa Malita uja. Wotsogolera anali amalume ake, a Gadi a ku Mtapa, bambo woonda wobadwira ku Tete. Tidawachonderera bambo kuti za nkhondo lero ayi. Tiyi asanazizire n'komwe, iwo anali atafika kale paphiri.

"Moto wawo ndidauwerenga ndekha," adatero bambo. "Malo makumi anayi, ndipo pamoto umodzi pamakhala amuna khumi. Kuseri kwa phiri kunkamvekanso mapazi a ena obwera kudzawathandiza, osawerengeka."

A Gadi adafunsa dzina la phirilo ndi chaka chake. Atamva, adaika kapu pansi.

"Bambo a Malita, motowo tinkakoleza ndife. Tinalipo asanu ndi awiri, tonse ochita kugwidwa m'mudzi ndi zigawenga. Mkulu wathu ankatithamangitsa ndi zikuni phiri lonse kuti tioneke ambiri."

"Nanga mapazi aja?"

"Mbuzi zakuba."

Achimwene, manyazi adandigwira mpaka kumapazi. Boma langochotsa kumene maziro pa ndalama, a Gadi nawo kudzachotsa maziro pa bambo, m'nyumba mwawo momwe. Bambo adaimirira, nati mwana wawo sangalowe m'banja la anthu abodza. Malita adayamba kulira kukhitchini, ine mtima kuwawa.

A Gadi osatekeseka. "Komatu ife tidathawa kusanache. Inu munalipo mazana asanu, ndipo malole ankangolira kubweretsa ena."

Bambo adakhala pansi pang'onopang'ono.

"Mazana asanu? Tinalipo khumi ndi awiri. Lole inali imodzi, yakufa. Inkalira n'kuzima, kulira n'kuzima, ife tikufuna tithawiremo."

Adaseka onse awiri, kugwirana manja, mpaka bambo chifuwa chija chidawagwira. Ukwati ulipo, Loweruka lomaliza la Sepitembala.

Za chifuwazo musade nkhawa kwambiri. Amangotopa msanga, ndipo jekete lawo la kutchalitchi ndalichepetsanso kuti liwakwane. Potsanzikana a Gadi adafunsa kuti mbali yathu tidzakhalapo angati, poti iwo adzadzaza kombi, minibasi yonse. Bambo adatiyang'ana ine ndi Malita, nati, "Pano tilipo atatu, koma thandizo lili m'njira kuchokera ku Joni."

Chiyambire tsikulo, kombi ikaima pamsewu bambo amadzuka kukasuzumira pawindo. Ine sindingakoleze ndekha moto makumi anayi, achimwene. Bwerani, ngakhale chimanjamanja.

Moni kwa alamu ndi ana. Malita akupereka moni wambiri. Bambo akana kupereka wawo, akuti adzakupatsani pamanja.

Ndine mlongo wanu,
Loyce