Bezi Yotsiriza ya a Chikhatho

Kwa mayi athu oferedwa, ana ndi adzukulu, komanso onse okonda nyimbo,

Ife a Bungwe la Oimba Zida za Nsambo tadzidzimuka kwambiri, ndipo tikulemba uthengawu manja ali m'khosi, titamva za kutisiya kwa mmisiri wathu wamkulu, bambo amene tonsefe, akulu ndi ana omwe, tinkangowatchula kuti a Chikhatho.

Kwa inu amene simunawadziwe, malemuwa ankasema mabezi aakulu, zida zija zooneka ngati vayolini koma zotalika ngati munthu, zimene woimba amaimba chiimirire akukoka uta pa nsambo. Kachipinda kawo kogwiriramo ntchito kanali kothina, konunkhira guluu ndi utuchi, mabezi atatsamira khoma ngati odwala pamzere wa kuchipatala. Anasema a msana wathyathyathya, amene mawu ake amatuluka msanga mosabisa kanthu, anasemanso a msana wofufuma, ogoba pa thabwa lochindikala, amene mawu ake amachita kuzungulira nyumba yonse. Woimba wamfupi ankamusemera bezi ya mapewa otsetsereka kuti dzanja lizifika kumunsi osavutika. Ife tikayamba kukangana kuti msana wabwino ndi uti, iwo ankangoseka n'kunena kuti, "Kanganani inu, koma thabwali silinakufunseni."

Komabe chimene tidzasimbire zidzukulu zathu ndi nkhani ya mmbulu. Pafupifupi bezi iliyonse yabwino imakhala ndi liwu limodzi losamvera. Ukalikhudza, thupi lonse la bezi limanjenjemera n'kuyamba kulimbana ndi nsambo, liwulo n'kumadukaduka likuuwa. Oimba timalitcha mmbulu, ndipo lachititsapo manyazi akatswiri pamaso pa anthu.

A Chikhatho anagontha makutu ntchito ili pakati, ndipo ambirife tinati basi, zathera pomwepa. Ayi ndithu! Akazi awo, mayi athuwa, amene sanaphunzirepo kuimba, anatola uta. Iwo ankakoka liwu lokhalo la mmbulu, bambo atagunditsa chikhatho pamimba pa bezi, atatsinzina, dzanja linalo likusendeza pang'onopang'ono kamkuwa kolemera kamene ankamangirira pa nsambo chakumunsi, mpaka kunjenjemera kuja kutazirala. Amene tinaonako ndi maso tinkatuluka m'chipindamo kukamwa kuli yasa. Munthu wosamva ngakhale kumenyetseka kwa chitseko, n'kumatikonzera mawu ife a makutu awiri! Ndipo ankatichenjeza kuti, "Musamalimbane n'kuupha mmbuluwu, ana inu, mupha bezi yonse. Ingousunthani ukakhale pakati pa mawu awiri, pamene chala sichiponda."

Imfa yawapeza atangomaliza kusema bezi imene bungwe lathu linawapempha, koma kamkuwa asanamange. Dzulo tinapita kukapepesa, ndipo mkulu wa oimba bezi athu, pofuna kuti chidacho chikalire bwino pamaliro, anatulutsa kamkuwa m'thumba.

"Amayi, ndiloleni ndingomanga aka, kuti mkuja tikawaperekeze nayo mwaulemu," anatero.

Mayi anagwira khosi la bezi ija. "Iyayi mwanangu, kabwezereni m'thumba."

"Koma ikuuwa, amayi. Anthu azikati bambo anasiya ntchito yosatha."

"Azikanena," anayankha mayi. "Ine nyimbo sindidziwa, ndimangodziwa liwu limodzi lomweli. Chigonthereni bambo anu, mawu anga sanawamvenso, ngakhale powaitanira chakudya ndinkachita kuwakoka malaya. Koma ndikakoka liwu ili ankalimva m'dzanja, n'kutembenuka kundiyang'ana. Ndiye mukalichotsa, ine ndiziwaitana ndi chiyani?"

Mkulu uja, bambo wa ndevu zake, anabweza kamkuwa m'thumba misozi ili chuchuchu.

Choncho bungwe lagwirizana ndi mtima umodzi kuti bezi imeneyi sidzatuluka m'manja mwa mayi athu, ndiponso kuti palibe membala, kaya ndi katswiri wotani, amene adzamangepo kanthu pa nsambo zake. Mabezi ena onse amene malemu anatisiyira tipitiriza kuwasamala monga anatiphunzitsira, koma iyi yokha ikhala momwe anaisiyira.

M'malo mwa mamembala onse, ndikuti pepani amayi, pepani ana ndi adzukulu, pepani abale ndi anansi. Mulungu akulimbitseni mtima ndi kukupukutani misozi, pakuti chisoni chanu tachisenzera limodzi, ndipo pakhomo panu sitidzaiwala njira.

Kwa onse amene mubwere kudzaperekeza bambo athu mawa tili ndi pempho limodzi. Ife tisanayambe nyimbo, mayi adzaimirira n'kukoka uta. Mukamva liwu lodukaduka likuuwa, chonde musayang'anane, ndipo musaganize kuti china chalakwika. Mudzangokhala chete, pakuti adzakhala mayi akuitana amuna awo.

Ndine wanu wolira nanu,
Wapampando wa Bungwe la Oimba Zida za Nsambo